Perekaniperekani wa ku banki

Popeza nkhani ya makobidi anga amene anamwazika m'banki yafika kale ku Indianapolis ili ndi apolisi, agalu ndi unyolo m'manja mwanga, bola ndiinene ndekha isanakafike ku Lilongwe ndili m'ndende. Wapolisi kunalibe. Panali mlonda mmodzi, ndipo iyeyo anagwada nane limodzi kutola. Kulira sindinalire, maso ankangotuluka madzi chifukwa cha chisanu cha kuno ku South Bend chimene nonse mukuchidziwa. Ndipo achimwene aja anali pamzere n'kusankha kugwira foni m'malo mogwira ntchito, ndinakuonani.

Ena mukufunsa kuti munthu wamkulu wandevu zake ankatani ndi makobidi 1,000 m'jumbo. Imvani kaye, mwina muyamba kundilemekeza.

Kuno ku America kuli khobidi la 50 cents limene amati half dollar. M'sitolo simungaliwone kawirikawiri, limangogona m'mabanki. Ukaitanitsa amakupatsa bokosi la $500, mipukutu 50, mpukutu uliwonse makobidi 20. Khobidi limodzi limalemera magalamu 11.34, ndiye bokosi lonse ndi makilogalamu 11 ndi kanthu. Chimene timasaka m'menemo ndi siliva. Onse a 1964 kubwerera m'mbuyo ndi siliva 90%: a nkhope ya Kennedy a 1964, a Franklin a 1948 mpaka 1963, ndi a Walking Liberty a 1916 mpaka 1947. A 1965 mpaka 1970 ndi siliva 40%. Kuyambira 1971 ndi kopa wovekedwa malaya oyera basi. La 1964 lili ndi siliva wokwana ma aunsi 0.36, kutanthauza kuti siliva akakhala pa $30 pa aunsi, chinthu chimene wagula ndi 50 cents chimakupatsa pafupifupi $11. Zotsalazo umabweza ku banki, ndalama zako n'kubwerera mu akaunti. Chimene umataya ndi mafuta a galimoto ndi msana.

Kusaka kwake sikuwerenga zaka limodzilimodzi ayi, mungakalambire patebulo. Mumang'amba pepala la mpukutu m'litali mwake, makobidi onse 20 ali chigundizane, n'kuyang'ana m'mphepete. Wamba amaonetsa mzere wofiirira wa kopa. La 90% limayera mbee popanda mzere. La 40% limatuwa pang'ono, ndipo ndi limene limazemba anthu ambiri. Mukakayika muike pa kasikelo: la 90% ndi magalamu 12.5, la 40% ndi 11.5. Apo ayi muligwetse patebulo. Wamba amangoti ngwe n'kukhala chete, pomwe siliva amalira ngweeee mpaka khutu kukoma. Ndipo mukaona lolembedwa 1776 musathamangire kuimba foni kumudzi kuti ayambe kuumba njerwa. Amenewo ndi a 1776–1976, okumbukira zaka 200 za ufulu wa dziko lino, ndipo ali mbwee m'bokosi lililonse.

Lamulo lalikulu ndi lakuti mabanki akhale awiri, kotenga kwina, kotaya kwina. Banki imalipira kampani ya galimoto yonyamula ndalama kuti ikubweretsereni bokosilo, imalipiranso kuti idzalichotse, ndipo amene amalikweza pa kauntala ndi ma teller. Mukatenga Lachiwiri n'kubweza pomwepo Lachinayi, sabata yotsatira akuuzani mwaulemu kuti ma half dollar anasiya kuitanitsa. Komanso kotayako kukhale kumene kumapita galimoto ya kampani ina, chifukwa kupanda kutero zinyalala zanu zomwezo amakazikulunganso mwatsopano n'kukugulitsani. Ine zonsezi ndinkazitsata bwinobwino. Ndikunena zimenezi chifukwa ena akuyankhula ngati ndine wophunzira kumene.

Vuto linayambira pa funso limodzi. Tsiku limene ndinakaitanitsa bokosi koyamba, mayi wa pa kauntala, wachikulire ndithu, wa magalasi olendewera pa kachingwe, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mukatani nawo onsewa, bambo?"

Kusaka siliva si mlandu. Ndikanatha kungonena. Koma ndinali nditamva kuti ma teller ena akangodziwa kuti ndiwe wosaka amakukaniza, ndiye pakamwa panga panayankha posandifunsa: "Ndi za ukwati, mayi. Kwathu ku Malawi timaponya ndalama tikamavina."

Theka la mawu amenewo ndi loona, palibe angatsutse. Kungoti pa perekaniperekani timaponya zamapepala. Half dollar ndi chimkhobidi cha mamilimita 30 ndi kanthu, ndipo mutaponya 1,000 otere pa ukwati, mkwatibwi angapite ku chipatala ndi velo yake yomwe, mano ali m'mbale ya osinthitsa ndalama. Koma mayi aja nkhaniyi inawakomera kwabasi. Kuyambira pamenepo ndikangolowa, moni wake unali wakuti, "Akukwatira ndani ulendo uno?" Ndinayamba ndi msuweni. Kenako mlongo wa msuweniyo. Ndinakwatitsa mtundu wonse wa kwa amayi, ndinalowa wa kwa abambo, ndinakwatitsa ndi a ku Ntcheu omwe amene ndege amangoiona ikudutsa. Wina ndinamukwatitsa kawiri mosazindikira, mayi aja n'kundikumbutsa, ine n'kunena kuti woyamba unali chinkhoswe. Odziwa amalangiza kuti ma teller uziwapatsa kanthu kotsekemera nthawi zina, ndiye ndinkawatengera mandasi a mayi a kunyumba n'kumati ndi otsala ku phwando.

Tsiku la tsokalo ndinali ndi bokosi losaka kale, lopanda siliva, lofunika kukataya. Nthawi zonse ndimanyamulira m'ndowa ya pulasitiki ya magaloni 5, yokhala ndi chivindikiro. M'mawa umenewo ndinapeza ndowa yanga ili pakona kukhitchini, yofunditsidwa chitenje, muli thobwa la msonkhano wa amayi a ku tchalitchi. Amene muli pabanja mukudziwa kuti pamenepo palibe apilo. Ndinatenga majumbo a ku sitolo, awiri, ina m'kati mwa inzake. Awiri, anzanga. Munthu wosasamala akanatenga imodzi. Dzanja lamanja linagwira zogwirira, lamanzere kuchirikiza kunsi, ndipo kuchokera pa galimoto mpaka pakhomo palibe chinavuta.

Kotaya kwanga ndi ku credit union, kumene kwathu tingati SACCO, chifukwa ali ndi makina owerengera makobidi aulere kwa mamembala. Ndinakankha chitseko ndi phewa, kupukuta nsapato, kudzutsa mutu. Kuseri kwa kauntala, atavala malaya a mtundu wina koma magalasi omwe aja a kachingwe, kunali mayi aja. Kani anasintha ntchito. Tauni yonseyi, mabanki onsewa, anasankha kudzalembedwa kudzala kwanga.

"Bambo a maukwati!" anakuwa mosangalala, dzanja lili m'mwamba.

Ine ndinaleredwa bwino. Munthu wamkulu akakupatsa moni umayankha. Ndinakweza dzanja lamanzere.

Sindikudziwa ngati munamvapo makobidi 1,000 akugwera pa matailosi nthawi imodzi. Kuyamba kunali phwaa, kenako chiphokoso choti mayi wina pamzere anagwira pamtima, mwana anayamba kulira, ndipo bwana wa nthambi anatuluka mu ofesi kapu ya khofi ili m'manja, akuyang'ana kudenga poganiza kuti lagwa. Makobidi anapita kulikonse. Ena pansi pa mipando, ena m'matope a chipale chosungunuka pakhomo, limodzi linalowa m'nsapato ya mlonda, musandifunse kuti bwanji. Ine chiimire ndi zogwirira za jumbo m'manja, kunsi kulibe kanthu. Pang'onopang'ono phokoso linatha, m'banki monse zii.

Kupatula limodzi.

Khobidi limodzi linakana kugwa. Linaima cham'mphepete n'kuyamba ulendo wake, mosafulumira, mwaulemu wake. Linatsata mzere wa anthu kuyambira kumbuyo, aliyense akusuntha phazi kulipatsa njira. Linadutsa pakati pa miyendo ya agogo ena a ndodo, agogowo n'kuwerama kulisuzumira likutulukira kumbuyo kwawo. Linazungulira chitsulo chogwira chingwe cha mzere, kamodzi, n'kuganiza zozunguliranso. Kenako linalunjika kuchitseko, ine mumtima n'kumati pita, pita, usabwerenso, ukayambe moyo watsopano ku Michigan. Munthu wina anatsegula chitseko kuti alowe, mphepo inalikankha, linakhota n'kubwerera. Anthu onse mitu ikutembenuka pamodzi. Mwana uja anasiya kulira kuti aone mathero ake. Linadutsanso pa ine osandiyang'ana n'komwe, linakagunda tsinde la kauntala ya mayi aja, n'kuyamba kuvina pamalo amodzi, kupendamira uku, kupendamira uko, kufulumira, kufulumira, mpaka linagona.

Ngweeeeee.

Kulira kumeneko ndinakudziwa. Ndakhala ndikukufunafuna mpaka mayi a kunyumba kundiletsa kugwetsa makobidi patebulo ana akagona. Ndinadzutsa maso, ndipo ndinaona kuti m'chipinda chonsecho muli munthu winanso mmodzi amene wakudziwa.

Mayi aja anazungulira kauntala, analitola, analipukuta ndi chala chachikulu. Linali lakuda bii. Siliva wakale amada choncho, ndipo m'mphepete mukalowa litsiro simungaone kuyera kapena kufiira. Onjezani babu la kukhitchini kwathu limene landilodi akuti abwera kudzasintha, ndiye muone ngati inuyo mukanaligwira. Anavala magalasi aja n'kuwerenga mokweza kuti, "1964."

Kenako anati, "Ukwati wa ulendo uno unayenda bwanji?"

"Unalephereka, mayi," ndinatero. "Akuchimuna sanabwere."

"Pepani kwambiri. Ndiye zonsezi mukuika mu akaunti?"

"Zonse."

"Ndi ili lomwe?"

Tsono taganizani. Kunena kuti ayi, ndibwezereni limenelo, kunali kuvomera pamaso pa anthu onsewo kuti maukwati onse aja kunalibe, asuweni anga akadali mbeta, ndipo mandasi aja anali a ziphuphu. Munthu wa ukwati sasiyanitsa khobidi ndi khobidi. Ndinameza malovu.

"Ndi limenelo lomwe."

Analemba 50 cents mu akaunti yanga, n'kuliika m'dirowa. Kenako, ine ndikuona, anatsegula kachikwama kawo, anatulutsa ma quarter awiri, timakobidi ta 25 cents, anawaika m'dirowamo, n'kutenga Kennedy wanga kumuika m'thumba la malaya. Anachita kulisisita thumbalo.

Kutola kunatenga nthawi. Ine, mlonda ndi mnyamata wina wa pa kauntala tinakwawa m'banki monse ngati anthu amene thumba la chimanga lawaphulikira pa chigayo. Ndipo apa phunziranipo kanthu, popeza ndinalipira kale sukulu fizi. Makina owerengera safuna makobidi onyowa kapena omata, amatsamwa, ndiye onse amene anagwera m'matope a mchere aja tinachita kuwapukuta ndi mapepala a m'bafa limodzilimodzi. Muzithira pang'onopang'ono, dzanja limodzi nthawi imodzi, osakhuthula. Komanso m'kati mwa makinawo muli matumba, mtundu uliwonse wa khobidi thumba lakelake, ndipo la ma half dollar likadzaza makina amaima mpaka teller abwere ndi kiyi kudzasintha. Langa linadzaza pakati pa ntchito. Anabwera ndi kiyi ndani? Omwe aja.

Ali chigwadire kumasula thumba, anandiuza motsitsa mawu kuti iwo anayamba kutolera siliva kalekale, ndipo ku banki yakale ija kasitomala akabweretsa mipukutu yokulunga yekha kunyumba, imene ndiyo imakhala ndi siliva wambiri chifukwa imachokera m'zitini za agogo, ankayamba aiona iwo wina asanaigule. Za ine akuti anadziwa tsiku loyamba lomwe. "Munthu wokonza ukwati safunsa ngati pali mipukutu yokulungidwa pamanja," anatero. Ndinafunsa kuti nanga bwanji ankandifunsa za maukwati nthawi zonse. Akuti ankafuna aone kuti abale anga atha liti. Mandasi akuti ndisasiye.

Risiti ya makina inatuluka $498. Kuphatikiza 50 cents ija, ndiye kuti makobidi atatu sanapezeke. Limodzi ndikulidziwa pamene lili, pansi pa chotenthetsera m'nyumba cha pafupi ndi zenera, limaoneka ukawerama, koma sindingakagwadenso m'banki imeneyo ngakhale litakhala la Walking Liberty.

Panopa ndinagula thumba la kanvasi lokhala ndi zipi, ndipo ndimayamba ndaimba foni kufunsa ngati thumba la m'makina lili ndi malo. Amayankha ndi mayi omwe aja, amafunsa kuti asuweni ali bwanji. Bokosi la sabata yatha munalibe siliva ngakhale limodzi. Makobidi ena anali ndi timadontho toyera ngati ta mchere, koma nyengo ino mchere uli paliponse, zimenezo sizikutsimikiza kalikonse. Ndowa ija sanandibwezerebe.