Zaka 10 tikuthira phula m'makomo mwanu

Sabata yatha tinamaliza kutsendera phula pa njira ya galimoto yolowera pakhomo pa banja lina. Makina atazima, mmodzi mwa anyamata anga anandikumbutsa kuti mwezi uno takwanitsa zaka 10 chiyambire ntchitoyi. Ndinaima chilili kuyang'ana njira yakuda bii ija ikutulutsabe kanthunzi, mtima utadzaza ndi chimwemwe. Ndati ndilembe mbiri yathu kuti inu amene mumatipatsa makomo anu mudziwe kumene tachokera.

Ntchitoyi ndinaiphunzira ndili waganyu pa kampani ina yomanga misewu, fosholo ili m'manja. Ndinkaona anthu akubwera kudzapempha kuti awathirire phula pakhomo, koma ankabwezedwa chifukwa mamita 30 kapena 40 ndi kantchito kochepa kwa kampani yaikulu. Ndinatsanzika, n'kutenga anyamata atatu, mawilibala awiri ndi kompakita (makina otsendera) yobwereka. Tinayamba choncho.

Chaka chachiwiri ndi chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa. Tinapeza ntchito yaikulu kuposa zonse zimene tinagwirapo, njira yaitali yotsetserekera kunyumba, pa dothi la makande. Mvula inali itagwa masiku atatu m'mbuyomo, nthaka isanaume, koma ine ndinali pa liwiro lofuna kumaliza pa tsiku limene ndinalonjeza. Tinayala miyala ya kwale yochepa n'kuitsendera pamwamba pa dothi lofewalo. Kulakwa kumeneko kunali kwanga, sindikukankhira munthu. Koma ogulitsa phula nawo anatimaliza. Analonjeza kuti lole ifika 7 koloko m'mawa, koma inatulukira dzuwa litapendeka, yosafunditsa ndi lona komwe. Phula limachoka kophikira lili pa madigiri pafupifupi 150 kapena 160, ndipo limafunika kulitsendera lisanatsike kufika pa 80 kapena 90. Likazizira kuposa apo, makina angadutsepo kangati, timiyala sitigwirananso, mkati mumatsala timipata tolowera madzi. Lathu linafika litauma kale pamwamba, likugwa zibumazibuma. Choyezera kutentha ndinalibe. Ndinalilandira.

Patatha miyezi inayi eni nyumba anandiimbira foni. Anali bambo achikulire, ofatsa. "Amisiri, tabwerani mudzaone ntchito yanu." Nditafika ndinapeza phula lang'ambika timizere tolukanalukana ngati khungu la ng'ona, modutsa matayala mutalowa pansi. Nditapondapo ndi nsapato, madzi amatope anatumphuka m'ming'alumo. Bambowo sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, ndalama ija inali ya penshoni yanga. Ndiye titani?" Ndinayankha kuti, "Bambo, tifukula yonse tiyambirenso. Inu simulipira kalikonse."

Ndinalonjeza m'thumba mulibe kanthu. Ogulitsa phula aja anati katundu akatuluka pageti si wawonso. Obwereketsa ndalama, amene ndinali nditasungitsa nawo kangachepe kanga kwa zaka, anandiuza kuti mawilibala si chikole. Ndinagulitsa kagalimoto kanga konyamulira zida. Masiku ano onsewo amatiimbira okha foni kutinyengerera, koma amene anatitsekera chitseko nthawi ija timawakumbukira, ndipo phula timagula kwina.

Njira ija tinaifukula mpaka kufika pa nthaka yolimba, tinadikira kuti iume, tinakumba ngalande m'mbali, n'kuyambiranso. Zaka 8 zadutsa ndipo ikadali chilili. Ndikamadutsa chakumeneko ndimaima kuiona.

Kuchokera pamenepo kagwiridwe kathu kanasinthiratu. Tikafika pakhomo sitiyamba ndi kuyeza kutalika. Timakumba kaye kadzenje kuona dothi, ndipo timafunsa kumene madzi amathamangira mvula ikagwa. Anthu ambiri amasirira kuda ndi kusalala kwa pamwamba, koma chonyamula galimoto ndi chimene chili pansi. Timachotsa dothi lonse la pamwamba pamodzi ndi mizu. Pa makande timayala kaye nsalu yolimba ya geotextile kuti matope asasakanikirane ndi miyala. Kenako timaika miyala ya kwale yokwana masentimita 15 mpaka 20, osati kamodzin'kamodzi ayi, koma pang'onopang'ono, tikuwaza madzi ndi kutsendera. Njirayo timaipendeketsa masentimita awiri pa mita iliyonse kuti madzi azithawa nyumba, asamadekhe. Pomaliza ndi pamene phula limabwera, masentimita 5 mpaka 7 likatsenderedwa. Mawu akuti likatsenderedwa muwagwire, chifukwa phula limaphwa makina akadutsa. Kuti patsale masentimita 5, timayala opitirira 6.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaberedwa, ndipo zimandiwawa. Phula lotsenderedwa limalemera matani pafupifupi 2.4 pa kiyubiki mita imodzi. Ndiye malo a masikweya mita 100 pa masentimita 5 amadya matani pafupifupi 12. Mmisiri aliyense, ngakhale ifeyo, mufunseni kuti abweretsa matani angati, ndipo muone chikalata cha sikelo lole ikafika. Lole iliyonse yobwera kwa ife timaibaya ndi choyezera kutentha isanatsitse. Ikapezeka yozizira imabwerera.

Njira yomangidwa bwino imatha zaka 15 mpaka 20, koma imafuna mwini wake aziisamala. Masiku atatu oyamba galimoto isapondepo. Phula latsopano limatenga miyezi 6 mpaka 12 kuti likhwime, ndipo nthawi yotentha limafewa, choncho musamapotokole chiwongolero galimoto itaima, chifukwa matayala amakanda pamwamba. Mukamakweza galimoto ndi jeke, ikani thabwa pansi. Oyilo, dizilo ndi petulo zimasungunula phula chifukwa zonsezi n'zochokera ku mafuta amodzimodzi a pansi pa nthaka. Zikadontha thiranipo mchenga kapena utuchi, sesani, kenako tsukani ndi sopo. M'mphepete ndi mofooka, musamapondemo ndi matayala, ndipo muzikwirira dothi kuti mukhale ndi chotsamira.

Koma chimene ndimachonderera makasitomala onse ndi ming'alu. Mng'alu waung'ono ngati ulusi ndi khomo la madzi. Madzi akalowa amafewetsa maziko, galimoto ikapondapo pamatitimira, ndipo chaka chamawa pali dzenje. Itsekeni mvula isanayambe, ndipo udzu ukamera m'menemo uzuleni. Phula lamadzimadzi lopaka pamwamba limateteza ku dzuwa ndi madzi, koma lisapakidwe njira isanakhwime, ndipo kupaka kamodzi pa zaka 3 mpaka 5 n'kokwanira. Wina akakuuzani kuti apaka pamwamba pa ming'alu ya khungu la ng'ona ija ndiye kuti yatha, mukaneni. Pamenepo pamafunika kudula, kufukula ndi kukonza maziko.

Tsopano ndithokoze, ndipo mundilole nditalikitse. Zikomo kwa mayi akunyumba, amene tsiku logulitsa galimoto lija sanandinyoze, m'malo mwake anatulutsa ndalama zawo zosunga kuti anyamata alandire malipiro. Zikomo kwa anyamata atatu oyamba aja, amene anafukula njira yonse ija ndi mapiki ndi mafosholo osadziwa kuti alandira liti. Awiri akadali nane, mmodzi ndiye kapitawo wathu. Zikomo kwa onse amene alowa pambuyo pake, amene amaima pafupi ndi phula lotentha dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, koma osasiya kona imodzi yosatsendera. Zikomo kwa akulu amene anatibwereka kompakita chaka chonse choyamba osatiwerengera masiku. Zikomo kwa oyendetsa malole amene masiku ano amadzuka m'bandakucha ndi kufunditsa katundu wathu bwinobwino. Kwa bambo a penshoni aja mawu akundichepera. Akanatha kutisumira kapena kutiipitsira mbiri, koma anadikira, ndipo njira itatha anatitumizira anzawo atatu. Ndipo zikomo kwa inu nonse amene munatitsekulira mageti anu, n'kuuzako abale ndi anansi.

Lero tili ndi makina athuathu otsendera, aakulu ndi aang'ono. Timathira phula panjira zatsopano, timatseka ming'alu, timadula ndi kukonza malo okumbika, timapakanso njira zakale. Ngati pakhomo panu pamadekha madzi, kapena mwaona timizere tayamba, musadikire dzenje. Tilembereni uthenga, tibwera kudzakumba kadzenje ndi kuyeza kwaulere, ndipo tikupatsani pepala lolembapo kuzama kwa miyala, kuchindikala kwa phula ndi matani ake. Amene mukufuna kuona kaye ntchito yathu, tidzakutengerani ku njira zimene tinathira zaka zapitazo mukaponde nokha.