Loweruka la mvumbi ndi mizukwa ya ku Japan

Kwacha ndi mvumbi, zochapa ndi zopita kumsika zonse zalephereka. Ndiye ndatsegula kamulu ka mabuku a manga amene mwana wa achemwali anga anandisiyira, nthano zojambula za ku Japan zimene iye amawerenga mpaka ndiwo kupserera pamoto. Pondipatsa anati, "Malume, muziyambira kumbuyo, kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ndipo la Junji Ito musawerenge mukudya."

Ndayamba ndi lomwelo, Uzumaki, limene linatuluka mu 1998 ndi 1999. Tauni ya m'mphepete mwa nyanja yagwidwa ndi mzere wozungulira. Bambo wina akudzipinda thupi lonse kuti akwane mu mtsuko wamatabwa, ana a sukulu akusanduka nkhono. Ito asanatchuke ankagwira ntchito yopanga mano oikirira, ndipo dzanja lake limaonetsadi, palibe khwinya kapena mtsempha umene amaudumpha. Luso ndi lalikulu, nseru nayo yandigwira. Koma nditatseka bukulo n'kumwa tiyi, zonse zinali zitatha.

Amene wandikhazika pansi mpaka masana ndi Shigeru Mizuki, ngakhale zojambula zake poyamba zimaoneka ngati za ana. Mkuluyu anabadwa mu 1922 ndipo anakulira ku Sakaiminato, tauni ya asodzi m'chigawo cha Tottori. Kumeneko gogo wina wosauka amene ankathandiza ntchito pakhomo pawo, yemwe ankamutchula kuti NonNonBa, ndi amene ankamuuza za yokai, zilombo ndi mizimu ya m'nthano zakwawoko. Pali kamzimu konyambita litsiro la m'bafa losatsukidwa. Pali kena kotsata munthu m'mbuyo usiku, ongomva mapazi, ndipo mankhwala ake n'kungopatuka n'kukauza mwaulemu kuti katsogole. Mu 1943 Mizuki anamutenga usilikali n'kumutumiza ku chilumba cha New Britain, kumene lero ndi mbali ya Papua New Guinea. Anzake a pamalo olondera ataphedwa iye yekha n'kupulumuka, akuluakulu ake anamukalipira chifukwa chobwerera wamoyo. Kenako malungo, kenako bomba la ndege limene linamudula mkono wamanzere. Zonse za iyeyu zimene ndagwira m'manja lerozi anazijambula ndi dzanja limodzi.

Ukadziwa zimenezi, Kitaro, kamnyamata kotchuka ka m'nthano zake zojambula, umakaona mosiyana. Amayi ake anamwalira ali ndi pakati, anaikidwa, ndipo mwanayo anabadwira m'manda n'kudzifukula yekha. Bambo ake anawola thupi lonse, koma diso limodzi linakana kufa chifukwa chodera nkhawa mwana. Linamera timanja ndi timiyendo, n'kumatsatira mwanayo kulikonse, n'kumasamba m'kambale komwera tiyi. N'zoseketsa ndithu, ndaseka ndekha m'chipinda. Komabe ndi nthano ya makolo akufa amene akukana kusiya mwana, yofalitsidwa cha m'ma 1960 kwa anthu amene mabanja ambiri anali ndi wina amene sanabwere kunkhondo.

Pa nkhomaliro ndawafotokozera amayi, omwe ali kuno masiku ano podikira tsiku lawo lokaonana ndi dokotala wa maso. Ndinawauza nthano yakale imene ya Kitaro inaphukirapo. Mzimayi wotuwa amabwera usiku uliwonse pasitolo kudzagula switi ndi kakhobidi kamodzi. Masiku asanu ndi limodzi amalipira, lachisanu ndi chiwiri alibe kanthu. Mwini sitolo pomutsatira akupeza kuti walowa kumanda, ndipo pansi pa nthaka pakumveka kulira kwa khanda. Pofukula akupeza mwana wamoyo akuyamwa switi pambali pa mtembo wa mayi ake. Makhobidi asanu ndi limodziwo ndi amene anthu a ku Japan ankaika m'bokosi la womwalira kuti akalipire powoloka mtsinje wa Sanzu popita kwa akufa. Ndiye kuti mayiyo anadya ndalama ya ulendo wake kuti mwana asafe ndi njala. Ku Kyoto kuli kasitolo kamene mpaka lero kamagulitsa maswiti m'dzina la mzukwa umenewu.

Amayi anaika mtanda wa nsima pansi. "Nanga iwe ukuti n'zoopsa? Choopsa n'chakuti anamuika m'manda osaona kuti mwana ali moyo. Mayiyo walakwa chiyani?" Kenako anafunsa ngati mwanayo anakula. Ndinati m'madera ambiri nthanoyi imati anadzakhala wansembe wotchuka wa Chibuda. Anati, "Basi, zili bwino," n'kupitiriza kudya.

Pamenepo ndi pamene pagona kukoma kwa mabukuwa, mmene ndikuonera ine. Mzukwa wa m'nthano za ku Japan kawirikawiri ndi munthu amene ali ndi mlandu wosazengedwa. Oiwa, wa m'sewero la mu 1825 la kabuki (zisudzo zachikhalidwe za ku Japan), anapatsidwa poizoni wowononga nkhope kuti mwamuna wake akwatire mtsikana wa banja lolemera. Ubume ndi mzimayi amene anafa pobereka, amaima panjira n'kupempha wodutsa kuti amunyamulire khanda. Sachita kubwera kuchokera kutali, ndi anthu a m'mudzi momwemo amene anawachitira zoipa kapena kuwataya. Wowerenga amayamba ndi mantha, pofika pakati wayamba kumvera chisoni choopsacho, ndipo amene akumukayikira tsopano ndi amoyo. Ito amandidabwitsa, koma mizere yake yozungulira ilibe amene inamulakwira kapena kuilakwira, n'chifukwa chake siinditsalira mumtima.

Madzulo mvula itakata mwana wa achemwali uja anaimba foni kufunsa ngati ndafika pa la Hideshi Hino. Ndinali pakati pake, ndipo ndinamuuza kuti buku limeneli sakanayenera kulipeza pa msinkhu wake. Anangoseka. Hino anabadwa mu 1946 ku Qiqihar, ku Manchuria, kumpoto chakum'mawa kwa China, banja lawo lili pakati pa Ajapani amene ankathawa m'dziko limene boma lawo linalanda. Mu Panorama of Hell, ya mu 1984, munthu wojambula zithunzi ndi magazi ake akufotokoza mbiri ya banja lake: agogo otchova juga, bambo womenya, mayi wozungulira mutu, ulendo wothawa ku Manchuria, ndi bomba la ku Hiroshima limene iye amalitenga ngati kholo lake lenileni. Mulibe yokai wokondeka ngakhale mmodzi. Ndi nkhondo italowa m'nyumba n'kumabadwanso mwa ana. Masamba ena ndawadutsa mofulumira, ndipo sindinganene kuti ndasangalala nalo, koma bodza mulibemo.

Mwana wa achemwali uja anatsutsa maganizo anga oti nthano za Ito zilibe bala lililonse. Anandikumbutsa za Gyo, mmene nsomba zowola zimatuluka m'nyanja pamiyendo yachitsulo, gwero lake n'kukhala kachilombo kamene asilikali a Japan ankapanga mobisa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. "Ndiye malume musamuweruze ndi buku limodzi." Pamenepo wandigwira pang'ono, ngakhale ndikuonabe kuti kwa Ito nkhondo ndi chifukwa chongoyambitsira nkhani, pamene Mizuki anaisenza pathupi.

Wandilonjeza kuti sabata yamawa andipezera kwa mnzake buku la Mizuki la mu 1973, lonena za gulu la asilikali ku New Britain limene linalamulidwa kukafa lonse, ndipo otsala amoyo anawabwezanso kunkhondo chifukwa lipoti linali litapita kale kuti onse anafa. Mizuki mwini ankati 90 peresenti ya zimene zili mmenemo zinachitikadi. Amayi nawo akuti mawa tikabwera kutchalitchi ndiwaonetse chithunzi cha bambo wa diso uja.