Chimene chimachotsa mbewa m'mphepete mwa khoma

Ndakhala ndikuonera kangapo makanema a mbewa yoikidwa m'bokosi lalikulu lopanda kanthu, lomwe sinalowemo chibadwire, ndipo chimandigwira mtima nthawi zonse ndi mphindi zoyambirira. Kanyamaka kamakakamira khoma, kamayenda motsata m'mphepete, ndevu zikugwedezeka, mphuno ili pansi kununkhiza. Pakapita kanthawi kamaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kusuzumira pakati, kenaka kamathamangira pamtetete paja ndi kubwerera msanga kukhoma ngati kapsa. Njira yoyesera nyama motereyi anaiyambitsa Calvin Hall m'chaka cha 1934 pogwiritsa ntchito makoswe, ndipo mpaka lero akatswiri amaidalira chifukwa imaonetsa poyera mkangano wa mantha ndi chidwi umene uli mkati mwa ubongo.

Mbali ya ubongo yotchedwa hippocampus ndiyo imayamba kuzindikira kuti malo ano ndi achilendo. M'chaka cha 1971, John O'Keefe ali ku London anapeza kuti m'mbali imeneyi muli maselo amene amagwira ntchito pokhapokha khoswe akafika pamalo ena ake, ngati kuti selo lililonse lili ndi pake. Nyama ikamazungulira malo atsopano, maselowa amakhala akujambula mapu, ndipo pa nthawi yomweyo acetylcholine, amene ndi amodzi mwa mankhwala amene maselo a ubongo amatumizirana nawo uthenga, amachuluka m'dera limeneli. Ntchito ya O'Keefe, pamodzi ndi ya May-Britt ndi Edvard Moser a ku Norway, inalandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Koma mapu okha sangasunthe mwendo. Chimene chimapatsa nyama khumbo lopita patsogolo ndi dopamine, mankhwala enanso otumizira uthenga, amene amachokera ku mbali ya ubongo yotchedwa ventral tegmental area n'kutsanulidwa mu ina yotchedwa nucleus accumbens. Mu 2005, John Lisman ndi Anthony Grace anafotokoza kuti hippocampus ikaona chachilendo imatumiza uthenga umene pamapeto pake umadzutsa maselo a dopamine, ndipo dopamine yemweyo amabwerera ku hippocampus kukalimbitsa zimene nyama yaphunzira. Apa ndi pamene ine ndimaima n'kusinkhasinkha kwambiri, chifukwa zikutanthauza kuti chinthu chomwe chimakankha nyama kuti ifufuze ndicho chimathandizanso kuti isaiwale zimene yapeza. Anthu ambiri amamutcha dopamine mankhwala a chisangalalo, koma ndimaona kuti dzinali limamuchepetsa. Mbewa ya m'bokosi ija siinalandire chakudya kapena mphoto iliyonse, komabe ikuyenda.

Mantha nawo ali ndi njira zake, zodutsa mu kadera ka ubongo kotchedwa amygdala ndi mbali yam'munsi ya hippocampus. Mbewa ikapatsidwa pang'ono mankhwala ochepetsa nkhawa otchedwa diazepam, amene amawonjezera mphamvu ya GABA, mankhwala a muubongo oziziritsa maselo, kawirikawiri imatha nthawi yochulukirapo pakati pa bokosi.

Chimene chinandidabwitsa koposa ndi cha kayendedwe kenikeni. Mu 1966, Shik, Severin ndi Orlovsky ku Moscow anapeza kuti kadera kena ka m'tsinde mwa ubongo wa mphaka kakakhudzidwa ndi magetsi ochepa, mphaka amayamba kuyenda, ndipo magetsi akawonjezedwa amathamanga. Mu 2018 gulu la Ole Kiehn linaonetsa mu mbewa kuti m'kaderako muli magulu awiri a maselo otumiza uthenga ndi mankhwala otchedwa glutamate, ndipo ntchito zawo zimasiyana. Maselo a m'chigawo chotchedwa cuneiform nucleus ndi amene amatulutsa liwiro lothawira adani, pamene a m'chigawo chotchedwa pedunculopontine nucleus amathandiza kuyenda kwapang'onopang'ono kofufuza malo. Ndikabwereranso ku kanema uja, ndimayang'ana masitepe ang'onoang'ono a mbewa pamene ikuchoka pakhoma, kuima kwake ndi kununkhiza kwake, ndikudziwa tsopano kuti kuyenda modekha kotereku kuli ndi maselo akeake, osiyana ndi aja amene amaithamangitsa ikaona mthunzi wa mdani.