Loweruka ku Kabwata: mkangano wa pa Red Mountain

Masana ano tinasonkhana kwa alamu anga ku Kabwata, ife okonda masewera a pa kompyuta a The Elder Scrolls, ndipo mapu a Tamriel, dziko lopeka la m'masewerawa, amene msuweni wanga anakasindikiza m'tauni tinawayala pa tebulo, m'makona titatsamiza makapu a tiyi kuti pepala lisapindike. Tinapangana zosewera Skyrim, imodzi mwa masewerawa, koma kompyuta inangokhala chiyakire, chifukwa nkhani inakula tisanayambe n'komwe.

Anaiputa ndi msuweni wangayo, amene analoza chilumba cha Vvardenfell m'dziko la Morrowind nafunsa kuti, "Alamu, inuyo mumati Nerevar anafa bwanji?" Nerevar anali mtsogoleri wakale wa anthu a ku Morrowind. Alamu anga, amene masewera a Morrowind a mu 2002 aja amawadziwa mpaka kutsinde, anayankha mosazengereza kuti anaphedwa ndi anthu ake omwe, mkazi wake Almalexia pamodzi ndi alangizi ake Vivec ndi Sotha Sil, amene pambuyo pake anatunga mphamvu mu mtima wa mulungu Lorkhan nadzisandutsa milungu. Msuweni anapukusa mutu, nati ansembe a kukachisi wa milungu itatuyi amaphunzitsa kuti Nerevar anafa ndi mabala a ku nkhondo ya pa Red Mountain, phiri lamoto la pachilumbachi.

Aliyense anali ndi umboni wake, pakuti a Bethesda, kampani yopanga The Elder Scrolls, anamwaza dala mabuku otsutsana m'masewerawa. Ine chimene chinandigwira mtima n'chakuti mapu omwewo amasonyeza gwero la kusiyanaku. Anthu a m'mizinda, kumene kachisi ali ndi mphamvu, amasunga mbiri yoyeretsa milungu itatu ija, pamene a Ashlander, amene amakhala m'mahema m'zipululu za phulusa kutali ndi ansembe, anasunga pakamwa nkhani ya chiwembu. Zinandikumbutsa mmene akuluakulu a mfunda wa Phiri ndi a mfunda wa Banda amafotokozera mosiyana za kubwera kwa Achewa, aliyense molingana ndi kumene waima.

Za a Dwemer, mtundu wina wakale wa ku Morrowind, sitinachedwepo, ngakhale kuti ndi nkhani yaikulu. Mtundu wonsewo unazimirira nthawi imodzi pa nkhondo yomweyo, pamene katswiri wawo Kagrenac anagwiritsa ntchito zida zake pa mtima uja, ndipo wotsala yekha, Yagrum Bagarn, amene amapezeka akudwala pansi pa nsanja ya Tel Fyr, sanalipo tsikulo, choncho nayenso amangoganizira.

Tinakhalitsa kwambiri pa Windhelm. Alamu anaika chala pa mzindawo, kum'mawa kwa dziko la Skyrim, nachikokera pang'onopang'ono kudutsa mapiri a Velothi mpaka ku Morrowind, kuti ationetse chifukwa chimene a Dunmer ambiri, anthu a ku Morrowind, anathawira ku Windhelm phiri la Red Mountain litaphulika m'chaka cha 5 cha nyengo yachinayi ya m'masewerawa. Wosewera Skyrim, imene inatuluka mu 2011 ndipo nkhani yake ndi ya chaka cha 201, amawapeza atapanikizidwa m'chigawo chosauka cha Gray Quarter, akunyozedwa ndi ena mwa a Nord, eni dziko la Skyrim. M'maganizo mwanga, munthu amene sanaone phirilo pa mapu sangamvetse kuwawidwa mtima kwa anthu amenewa.

Dzuwa litapendeka, mlongo wanga anatiitanira nsima, mlandu wa Nerevar usanagamulidwe. Tagwirizana kuti Loweruka likubwerali tidzatembenukire kumadzulo, ku Hammerfell, pakuti msuweni akuti ali ndi zonena zambiri za kumira kwa Yokuda, dziko limene a Redguard, anthu a ku Hammerfell, anachokera.