Tsiku lomwe ndinagulitsa ana ku Mbare

Ine masamu ndinachita kuwathawa dala. Nditalemba Form 4 ndinalumbira kuti ine ndi x sitidzaonananso, ndiye posankha kosi ku koleji kuno ku Harare ndinatenga zoulutsa mawu, mumtima ndikuti kumeneko ndi kungolankhula basi, pakamwa ndili napo. Ndinkadziona kale ndikuwerenga nkhani za m'Chichewa pa National FM, agogo ku Mufakose wailesi ili pakhutu. Agogowo anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950 nthawi ya Federation, ndipo chichitikireni zoti malamulo a 2013 anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno, amayankhula ngati analemba okha.

Kufika semesita yoyamba, pa taimutebulo pali sitatisitikisi. Ndinadutsa chokwawa, tisakambe zambiri.

Koma chomwe chinandigwetsa si masamu akuluakulu ayi, ndi a sitandade 3. Alekichala a zawailesi anatiphunzitsa lamulo loti muulutsi amawerenga mawu atatu pa sekondi. Kenako asainimenti: lipoti la mphindi imodzi, chilankhulo chomwe ukufuna, mukhale mawu a munthu yemwe wamufunsa, ndipo makina adula okha sekondi ya 60 ikakwana, palibe kubwereza. Ndinatulutsa foni, 3 kuchulukitsa ndi 60, 180. Ndinachita kudzisisita pamutu aise.

Loweruka ndinakwera kombi wa ku Mbare Musika komwe azakhali anga amagulitsa matimati. Ndati azakhali, muyankhe mwachidule. Iwo, "Iwe mwana, ukufuna undiphunzitse kulankhula ine? Ndinakusintha matewera." Analankhula mphindi 7, zamatimati zinali pang'ono, zambiri zinali zoti ndikwatira liti. Usiku ndinadula ndi kudula mpaka anatsala masekondi 20.

Masekondi 20 amenewo sindinawachotse pa 60 paja. Ndiko kulakwa koyamba. Kwachiwiri ndi komwe kumandiwawabe mpaka lero: lamulo la mawu atatu lija ndi la Chingerezi, komwe timawu ngati a ndi the amatiwerengeranso kuti ndi mawu. Ife tili ndi sindidzawagulitsanso. Liwu limodzi limenelo, koma ukamalimaliza mzungu wanena chiganizo chonse mpaka wamwa madzi. Ine ndinalemba mawu 180 a mtundu umenewo, ndikuwerenga ndi chala kuti akwane ndendende.

Tsiku lojambula ndinalowa mu situdiyo, mahedifoni kumutu, kagetsi kofiira kayaka. Ndinayamba mwaulemu ngati m'busa, mawu okhuthala, kupuma pa koma paliponse. Mawu a azakhali alowa, atuluka. Ndikadzutsa mutu ndikuona mnzanga kuseri kwa galasi watambasula zala zonse khumi, kutanthauza kuti kwatsala masekondi 10, ine pepala ndisanafike ndi pakati pomwe. Apa ndiye ndinathamanga ngati wa okushoni ya fodya, thukuta kamukamu, malovu pa maikolofoni, ndikungomeza zilembo. Chiganizo chomwe ndinali nacho chinali chabwinobwino: poona kuti matimati akuwola msanga, amayi ena ku Mbare ayamba kugulitsa anapiye.

Makina anadula nditangonena kuti ana.

Ine sindinazindikire, ndinapitiriza kuwerengera maikolofoni yakufa mpaka pansi pa pepala, kutsanzika ndi kutsanzika komwe.

Lolemba alekichala, poti Chichewa sachimva bwino, anaitana madala ena a kwathu omwe amalondera pageti kuti amasulire kalasi yonse ikumva. Madala anamvetsera atapinda manja, akugwedeza mutu pa mawu a azakhali, kenako pofika kumapeto anavula chipewa. "Mwati ku Mbare konkuno?" Ndati eya bambo. "Ana a anthu?" Ndati ayi bambo, anapiye, a nkhuku. Iwo, "Nanga piye ali kuti? Ine sindinamumve." Atamasulira m'Chishona kalasi inaphulika, wina mpaka anagwa pa mpando, alekichala akupukuta misozi kwinaku akulemba 8 pa 20, pansi pake nkuwonjezera kuti ndikaonane ndi a masamu.

Mnzanga wa kuseri kwa galasi uja, Mulungu amuone, anaponya kachidutswako pa WhatsApp. Pofika madzulo kanali katazungulira gulu la kumpingo, la maliro, mpaka achibale a ku Dedza omwe sindinawaonepo. Agogo anangonditumizira uthenga woti ndisatchule dzina la banja pa wailesi.

Cha m'ma 8 koloko foni inalira, azakhali. Ndinayankha nditagwada ngakhale sankandiona.

"Iwe, anthu akhala akubwera pa tebulo langa tsiku lonse kudzafunsa mtengo wa ana."

Ndati pepani azakhali, ndi masamu.

"Matimati onse atha, ubwerenso Loweruka ndi kafoni kako. Koma womalizayu akapezeka wofuna undiuze, amadya kwambiri."