Thupi likamatenthabe mayi atachira

Amayi ndi abambo, tamvani izi. Mayi akachira, makamaka ngati anachita kumung'amba, thupi n'kumatenthabe masiku atatu kapena kuposa apo chonsecho akulandira maantibayotiki oyenera, musangoti mankhwalawo ndi ofooka.

Nthawi zina vuto limakhala m'mitsempha ya magazi ya m'chiuno. Majeremusi ochokera m'chiberekero amalowa mumtsempha, magazi n'kuundana momwemo, majeremusiwo n'kupeza pobisala. Madokotala amati septic pelvic thrombophlebitis.

Matendawa ndi onyenga: kutentha kukatsika, mayi amaoneka bwinobwino. Ena amamva kupweteka m'munsi mwa mimba, kawirikawiri kumanja. Sikani ya ultrasound imaphonya nthawi zambiri, CT kapena MRI ndiyo imaonetsa bwino. Ngakhale poyeza magazi, kawirikawiri majeremusiwo sapezeka.

Chithandizo chake ndi maantibayotiki a m'diripi opha majeremusi amitundumitundu. Madokotala ambiri amawonjezera heparin, woletsa magazi kuundana, ngakhale pamenepa akatswiri sanamvane chimodzi. Opaleshoni ndi mwa apo ndi apo.

Inde matendawa ndi osowa, koma ine ndimati bola kufunsa adokotala. Ndipo mayi akayamba kubanika kapena kumva kuwawa pachifuwa, thamangirani kuchipatala, chifukwa kachidutswa ka magazi oundanawo kangathothoke n'kukatseka mtsempha wa m'mapapo.