Mmene ndinachotsera nyama m'mbale popanda kugona ndi njala

Sindinasiye nyama yonse tsiku limodzi. Zoyamba kuchoka zinali masoseji ndi nyama zam'chitini, ndipo apa sindinavutike kudzikakamiza, poti mu 2015 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO inali itaika kale nyama zokonzedwa m'fakitale pagulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo. Kenako inachoka nyama yofiira, nkhuku ndi nsomba pambuyo pake. Mazira ndi mkaka ndinatsiriza nazo.

Cham'mawa sichinandipatse ntchito: phala, nthochi, supuni ya chiponde, basi. Ntchito inali pa chakudya chamasana ndi chamadzulo, chifukwa munthu wotopa amaphika chimene chili pafupi. Nyama ili ndi ubwino woti ukaiponya pamoto imapsa msanga, pomwe nyemba zimafuna uzikumbukire dzulo lake. Ndiye ndinasintha kaphikidwe. Tsiku lopuma ndimaviika nyemba usiku wonse, m'mawa n'kutaya madziwo, kuthira ena, n'kuphika mphika waukulu wopanda zokometsera. Zikazizira ndimazigawa m'timabakuli n'kuika mufiriji. Lero ndizikazinga ndi anyezi ndi tomato, mawa ndizisakaniza ndi mpunga, mkuja ndizinyenya kukhala supu. Tsiku limene ndaiwala kuviika, mphodza zofiira zimandiombola. Sizifuna kuviika ndipo zimapsa pa mphindi ngati 20.

Nyemba zofiira zazikulu zija zimafuna ulemu. Zili ndi poizoni wachilengedwe amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba ngati sizinapse bwino, choncho muziziwiritsa mobwadamuka kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto. Kuziphika pamoto wozirala kuyambira pachiyambi n'kudziputira.

Za mpweya wa m'mimba tisabisane, umabwera ndithu. Nyemba zili ndi mitundu ina ya shuga imene thupi siligaya, ndiye tizilombo ta m'matumbo timachita nayo phwando. Ndinayamba ndi supuni zochepa n'kumaonjezera pang'onopang'ono, mimba inazolowera.

Nkhuli ndiyo inali mdani weniweni. Pamene imandigwira, ndinazindikira kuti chimene pakamwa pakusowa ndi fungo lija la chinthu chokazingidwa mpaka kupsererera pang'ono, pamodzi ndi mafuta ndi mchere. Anyezi ndimamusiya pamoto mpaka afiire, osati kungofewa. Tomato ndimadikira aphwe madzi mpaka mafuta ayambe kuonekera m'mbali mwa poto. Bowa ndimamuika m'chiwaya chotentha kwambiri osamutakasa, akhale kaye atuluke thukuta lake n'kuuma, kenako mchere ndi adyo. Ndiwo zophikidwa motere sizipempha chikhululukiro kwa aliyense. Amene amati masamba ndi ozizira nthawi zambiri amangowawiritsa m'madzi n'kuthira mchere.

Njala inkandipeza msanga masiku oyamba, chifukwa masamba amadzaza mbale koma mphamvu zake n'zochepa. Ndinakulitsa mbale, n'kumathirako mafuta osaumira, mtedza n'kumayenda nawo m'thumba. Funso limene aliyense amandifunsa ndi la mapuloteni. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi magalamu 0.8 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza magalamu 56 kwa wolemera makilogalamu 70, pomwe kapu imodzi ya mphodza zophika ili ndi pafupifupi 18. Mukaphatikizapo mpunga, buledi, soya ndi mtedza wa tsikulo, mwafika. Zimene nyemba zikupereweza mpunga kapena tirigu amakwaniritsa, ndipo sizichita kufuna kuti mudye zonse pa mbale imodzi.

Ayironi amathandiza thupi kupanga magazi, koma wa m'zomera thupi limamutenga movutikira kuyerekeza ndi wa m'nyama. Vitamini C amathandiza, ndiye ndimafinyira ndimu pa ndiwo kapena kutsitsira ndi lalanje. Tiyi ndi khofi amatchinga, choncho ndinazisuntha, ndimamwa patapita ola nditadya.

Pa vitamini B12 pokha palibe kaphikidwe kamene kangakupulumutseni. Amapangidwa ndi mabakiteriya, ndipo zomera si gwero lodalirika. Patsiku timangofunika mamayikulogalamu 2.4 (mayikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), koma chiwindi chimasunga wokwanira zaka zingapo, moti munthu amatha kumadzitama kuti ali bwinobwino chonsecho nkhokwe ikutha. Zikafika poti manja ndi mapazi akuchita dzanzi, magazi achepa, mitsempha imakhala itayamba kuwonongeka, ndipo nthawi zina siibwerera mwakale. Ine ndinayamba kumwa mapiritsi ake sabata imene ndinasiya mazira ndi mkaka, ndipo ndikagula mkaka wa soya ndimawerenga pa katoni ngati anathiramo B12. Ndikapita kokayezetsa magazi ndimawauza adokotala kuti sindidya za nyama zilizonse, kuti ayeze B12 ndi ayironi yemwe.